Mlandu wa Abakha Anayi pa Yadi ya ku George

Funso limene ndikufuna kuyankha m'nkhani ino ndi ili: zinatheka bwanji kuti amayi amene anakhala pa yadi yathu zaka zambiri osakangana ndi munthu atsale pang'ono kuchotsedwa m'chipinda chawo chifukwa chosesa pabwalo, pa tsiku lomwe linali lawo losesa? Ndaiganizira nkhaniyi kwa nthawi yaitali, ndipo ndapeza kuti zoyambitsa zake zinali zitatu: tivi ya a landilodi, malaiti a m'komboni, ndi ulemu wa anthu oleredwa kuchigawo cha kum'mawa. Chilichonse mwa zitatuzi, pachokha, sichikanavulaza munthu. Vuto linabadwa pamene zinakumana m'sabata imodzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala m'komboni ya George, pa yadi ya makomo asanu ndi limodzi, pafupi ndi kiyosiki yomwe tinkatungako madzi. Khomo lalikulu linali la eni yadi, ndipo asanu otsalawo anali a ife a lendi. Ine ndinali nditangomaliza dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu, ndipo podikira kuti maofesi omwe ndinapemphako ntchito andikumbukire, ndinkaphunzitsa masamu ana a giredi seveni akaweruka ku sukulu. Pa chifukwa chimenechi yadi yonse inkanditchula kuti ba ticha, ngakhale sindinaphunzirepo za uphunzitsi.

A landilodi anali bambo wachikulire wochokera kum'mawa, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa malole opita maiko akunja. Atasiya msewu, chikondi chomwe anali nacho pa injini anachisamutsira kwa abakha. Anali nawo asanu ndi anayi, ndipo abakhawo anali ndi ufulu woposa wa munthu aliyense wa lendi. Ankalowa m'nyumba osaodira, ankasamba m'beseni la zovala, ndipo ankasiya zizindikiro zawo pa khomo lililonse. Kugenda bakha kunali koletsedwa. Chololedwa chinali kumupempha ndi manja kuti atuluke.

Lachiwiri lililonse madzulo, malaiti akakhalapo, a landilodi ankatulutsa tivi yawo n'kuiika pa tebulo pakhonde, kuti tonse tionere sewero la apolisi ofufuza milandu ya kupha anthu. Aliyense ankabwera ndi chokhalira chake, wina kampando, wina chigubu cha madzi, wina njerwa. Ofufuza aakulu m'seweroli anali awiri: bambo wadazi amene sankaoneka kuti amagona, ndi mayi wamtali amene sankaseka. Ankagwira ntchito mu mzinda wa azungu momwe mvula inkagwa pafupifupi gawo lililonse, koma madzi osalowa m'nyumba ya munthu. Sabata iliyonse wina ankapezeka atafa, ndipo ola lisanathe wopha ankakhala atavala unyolo.

Ntchito yanga inali yomasulira, chifukwa Chingerezi cha anthu aja chinali chothamanga ndiponso chotulukira m'mphuno. A landilodi ankati iwo akumva zonse, popeza anayankhulapo ndi azungu ku madoko, koma ankandiuza kuti ndimasulirebe pothandiza azimayi. Ndinkamasulira mokhulupirika, kupatula mawu otukwana omwe ndinkangowadumpha. Chomwe chinkadabwitsa anthu kwambiri sikunali kupha ayi. Ankadabwa kuti apolisi amafika ndi galimoto yawoyawo popanda kufunsa wodandaula ngati ali ndi mayendedwe, ndiponso kuti oyandikana nawo nyumba amayankha mafunso mosaopa. Kwathu munthu akaona chinthu choopsa amayamba kuchiiwala asanafunsidwe, podziwa kuti mboni ndiyo imatha nsapato pa msewu wa ku khoti.

Wodziwa zonse pakati pathu anali wometa tsitsi, wobadwira m'tauni momwemo, amene anali ndi kashopu m'mbali mwa msewu wa maminibasi. Popeza makina ake ankadalira malaiti, anali ndi maola ambiri oganiza. Gawo likangoyamba, iye ankaloza munthu pa tivi n'kunena kuti wopha ndi ameneyo. Ankasintha womuloza nkhani ikamapita, kotero kuti pomaliza ankakhala atalozapo aliyense, ndipo ankatikumbutsa kuti ananena kale.

Gawo lomwe linabweretsa mavuto linayamba ndi bambo wachuma atapezeka atafa pansi m'khitchini mwake. Anamupeza ndi wantchito wa m'nyumba, mayi wachikulire, pofika pa ntchito m'mawa. Mayiyo, asanaimbire apolisi, anafunditsa bwana wake nsalu, anatsuka makapu omwe anali pa tebulo, n'kukolopa pansi. Ofufuza atafika anapeza khitchini ikuwala, ndipo anakwiya. Anamangabe tepi yawo yachikasu kuzungulira malowo, anavala magolovesi, koma panalibe chotola. Pamenepo mayi wosaseka uja anayang'ana wantchitoyo n'kunena mawu omwe ndinawamasulira ndendende motere: "Munthu amene amakolopa asanaitane anthu ali ndi chobisa." Anamutengera ku chipinda chofunsira mafunso, chomwe chinali ndi galasi lalikulu pakhoma, ndipo mayiyo anayamba kulira. Misozi ili m'masaya, malaiti anapita.

Anthu anadandaula monga mwa masiku onse, kenaka anayamba kunyamula zokhalira zawo. A landilodi anati panalibe chodandaulira chifukwa mlandu unali utatha kale, wantchito ndiye anapha. Wometa anavomereza, nati iye anamuona mayiyo kuyambira pachiyambi. Ine ndinanena kuti seweroli linali lisanathe, ndi kuti malinga ndi magawo omwe tinaonera, woyamba kugwidwa sakhala wopha kawirikawiri. Palibe anatsutsa, koma palibenso anamva, pakuti aliyense anali kufunafuna kandulo. Apa ndi pomwe choyambitsa choyamba chinakumana ndi chachiwiri. Yadi yonse inabalalika ndi phunziro lodukira pakati, koma yokhutira ngati yamaliza sukulu.

Pa yadi panali lamulo la tsache. Khomo lililonse linali ndi tsiku lake losesa bwalo ndi kutsuka chimbudzi m'mawa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Lachitatu linali la amayi ogulitsa vitumbuwa, amasiye ochokera ku Katete, omwe ankakhala chipinda cha kugeti ndi ana awo aakazi awiri. Chipindacho chinali chaching'ono ndipo denga lake linkadontha pakona, koma kwa iwo chinali chofunika kuposa mmene chinkaonekera. Chinali pafupi ndi siteshoni ya maminibasi pomwe ankagulitsira, pafupi ndi sukulu ya anawo, ndipo a landilodi ankawalola kukazinga pa mbaula pabwalo m'bandakucha, chinthu chomwe eni mayadi ambiri amakana poopa utsi ndi moto. Kuchoka pamenepo kukanatanthauza kutaya makasitomala omwe anawasonkhanitsa zaka zonsezo, n'kuyambanso kugogoda m'mageti mwa anthu omwe amafunsa kaye kuti ana ndi angati asanakuonetse chipinda.

M'mawa wa Lachitatu limenelo, atatsitsa vitumbuwa zoyamba pa moto, amayiwa anatenga tsache n'kupeza abakha anayi ali gone kuseri kwa chimbudzi, pafupi ndi ngalande, atauma kale. Apa choyambitsa chachitatu chinalowa. Kumene iwo anakulira, munthu sagogoda pa chitseko cha wamkulu m'bandakucha ndi uthenga woipa, pokhapokha wakufayo akhale munthu. Amadikira mwini atuluke, asukusule, apatsidwe moni, kenaka nkhani inenedwe wonenayo atagwada. Ndiponso mayi sasiya zakufa panjira yomwe ana adutse popita ku chimbudzi. Choncho anatola abakhawo n'kuwaika m'saka, anaika sakalo pamthunzi, anasesa nthenga ndi zitosi, anathira madzi, n'kuwaza phulusa pamwamba. Atamaliza anasamba m'manja n'kupitiriza kukazinga, akuyang'ana chitseko chachikulu.

A landilodi atatuluka, amayi aja anachita zonse mwa dongosolo lake. Anagwada, anafunsa mmene eni yadi agonera, anayankha za mmene iwo agonera ndi ana, anatchulako za mvula, ndipo pomaliza anapepesa n'kuloza saka. Ndinalipo, ndipo ndingachitire umboni kuti poyamba a landilodi anathokoza. Anakhala pa njerwa n'kutulutsa abakhawo mmodzimmodzi, kuwayang'ana, ndi kupukusa mutu. Nkhani ikanathera pamenepo wometa akanakhala ndi malaiti ku shopu kwake. Koma analibe. Anatulukira atavala mapulasitiki a buledi m'manja onse awiri, n'kufunsa kuti mitemboyo inagona pati kwenikweni. Amayi anamuonetsa malo onyowa, oyera, owazidwa phulusa. Iye anayang'ana pansi, anayang'ana amayiwo, kenaka a landilodi.

"Ba landilodi, mwaona? Bakolopa. Ni vija tinaona dzulo."

Ndinaona nkhope ya a landilodi ikusintha pang'onopang'ono, monga ya munthu amene wakumbukira vesi loyenera pa nthawi yake. Wometa anamasula chingwe choyanikira zovala n'kuzunguliza malo aja, nalamula kuti pasadutse munthu. Popeza njira ya ku chimbudzi inali yomweyo, tsiku lonse anthu ankawerama pansi pa chingwecho atapempha chilolezo, ndipo pobwerera iye ankawayang'anitsitsa ku mapazi.

Mafunso anachitikira pakhonde. Wometa anakatenga galasi la ku shopu kwake n'kulitsamiritsa kukhoma, pakuti m'seweroli chipinda cha mafunso chinali ndi galasi. Ndinayesa kumufotokozera kuti galasi la pa tivi ndi la mtundu wina, loti apolisi amaima kuseri kwake n'kumaona woganiziridwa, iye osawaona. Anati mfundo ndi yomweyo, munthu wabodza sangapirire nkhope yake. Tinaitanidwa khomo ndi khomo, ife a lendi. Funso linali lakuti unali kuti usiku, ndipo yankho la tonse linali lakuti tinali kugona, chinthu chomwe palibe akanachitira mnzake umboni. Mmodzi yekha amene anali ndi yankho lokwanira anali mlonda wokhala m'chipinda chapakati, yemwe anachezera ku ntchito kwake ku mafakitale. Wometa anati zimenezo n'zokayikitsa kwambiri, chifukwa pa tivi munthu wokonzeka ndi yankho amakhala atalikonzeratu. Koma mlondayo anali ndi mapewa aakulu, ndipo kukayikira kunamuchoka msanga.

Amayi a vitumbuwa atakhala pa mpando wa mafunso, anaona m'galasi kuti duku lawo lapendekeka, ndipo analikonza. Wometa anauza a landilodi kuti aone mtima wa munthuyo, abakha sanaikidwe n'komwe iye akudzikongoletsa. Chotsala chinali chifukwa chophera, ndipo chinapezeka mosavuta. Wina anakumbukira kuti mwezi wapitawo bakha wamphongo anagubuduza beseni la ufa wokanda wa amayiwo, ndipo iwo anamuuza kuti tsiku lina adzalowa m'poto. Zoona zake n'zakuti panalibe munthu pa yadipo amene sanalonjezepo bakha ameneyo imfa, ena ndi mawu oopsa kuposa amenewo. Koma ena tonse sitinasese.

Ine ndinapempha kuti tiganizire zinthu zina. Inali nyengo ya mvula, ndipo m'ngalande munkaima madzi ochokera kwa okonza magalimoto kumtunda, akuda ndi oyilo ndi za m'mabatire. Kunalinso matenda omwe ankamaliza nkhuku m'mayadi ena mwezi umenewo. Ndiponso mankhwala a makoswe amagulitsidwa m'misewu ngati maswiti, pamene bakha sasankha chodya. Ndinati njira yodziwira ndi kung'amba bakha mmodzi n'kuona za m'mimba mwake, monga amachitira dokotala wa mitembo m'seweroli. A landilodi anavomera, koma titapita pamthunzi paja saka linali litasowa. Chakumasana fungo la bakha wokazinga linabwera kuchokera ku yadi ya kuseri kwa mpanda. Anthu a kumeneko anati sakudziwa kanthu, milomo ikuwala. Kutacha onse anali bwinobwino, zomwe kwa ine zinachepetsa mphamvu ya nkhani ya poizoni. Wometa anati zinangosonyeza kuti anthu a yadi ija ali ndi mimba zolimba. A landilodi anatseka mkangano ponena kuti m'magawo onse omwe anaonera, sanaonepo munthu wophedwa ndi ngalande.

Lachinayi madzulo anaitana amayi a vitumbuwa pakhonde n'kuwauza kuti pofika kutha kwa mwezi akhale atapeza kwina. Anati alibe nawo chidani, koma sangasunge pa yadi munthu wowononga umboni. Amayiwo anali atagwada patali pang'ono, manja ali pa maondo. Anafunsa ndi mawu otsika.

"Nanga n'kanatani, atate? N'kanakugogoderani kusanache, zakufa zili m'manja?"

"Munali kufunika kusiya vilili, mayi. Osagwira, osasesa. Ndiye lamulo."

Sanafunse kuti ndi lamulo la kuti. Anathokoza, monga amachitira anthu a kwawo ngakhale apatsidwe nkhani yowawa, n'kubwerera kuchipinda kwawo. M'mawa mwake mwana wawo wamkulu anajomba ku sukulu kuti akhale pa beseni la vitumbuwa, iwo akuyenda m'mageti a njira ya ku Lilanda. Anabwerako madzulo matope ali m'miyendo, osapeza kanthu. Beseni nalonso linabwera lisanathe, chifukwa nkhani inali itafika ku siteshoni itasintha maonekedwe. Makondakitala ankauzana kuti mayi wa vitumbuwa wamaliza abakha a landilodi wake ndi poizoni, ndipo ena ankafunsa mwanayo moseka ngati vitumbuwa za tsikulo zinali za anthu kapena za abakha.

Chigamulochi chinabala chotsatira chomwe a landilodi sanachiyembekezere, ngakhale chinali chosavuta kuchiona. Ngati wosesa ndiye amapeza, ndipo wopeza ndiye amachotsedwa, munthu wanzeru sasesa. Lachisanu linali tsiku la wometa mwiniwake, ndipo ananena kuti sangagwire tsache kafukufuku ali mkati. Loweruka, tsiku la khomo lalikulu, akazi a landilodi anati msana ukuwapweteka. Anthu ankadzuka mochedwa dala, ndipo potuluka ankayenda maso ali kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Khoswe wakufa anagona pakati pa bwalo, aliyense akumulambalala mwaulemu, chifukwa panalibe wofuna kukhala woyamba kumuona. Abakha otsalawo anapitiriza ntchito yawo, ndipo pofika Loweruka masana munthu ankasankha poponda.

Pamenepo ndinakumbukira kuti seweroli ankalibwereza Lamlungu masana, nthawi yomwe ife sitinkaonera chifukwa a landilodi ankasamala mayunitsi a malaiti. Ndinapita kwa iwo n'kunena kuti popeza chigamulo chinatengedwa m'gawo lomwe linadukira pakati, chilungamo chinali kulionera mpaka kumapeto. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti n'zopanda nzeru kupachika chipinda cha mayi wamasiye pa maganizo a anthu olemba masewero kutsidya kwa nyanja. Komabe nzeru ndinali nditaziyesa kale ndipo zinakanika, ndipo ili ndilo khoti lokhalo lomwe a landilodi ankalizindikira sabata imeneyo. Ndinkadziwanso kuti tikhoza kugonja, pakuti olemba aja nthawi zina amanyenga woonera kawiri. A landilodi anavomera mokondwa, potsimikiza kuti tivi iwaikira kumbuyo. Anati wantchito uja akapezeka wolakwa, notisi ikhala momwemo ndipo nkhaniyi isadzatchulidwenso. Akapezeka wosalakwa, aona chochita.

Nditakawauza amayi a vitumbuwa za pangano limeneli, sanakondwe ndipo sanadandaule. Anafunsa ngati wantchito wa pa tivi uja anali ndi ana, ndipo ndinati sanatchule. Anafunsanso ngati ankaoneka munthu woleredwa bwino. Ndinati ankaoneka choncho. Iwo anati ngati ndi choncho adikira, koma mawa la Lamlungu adzapitirizabe kufunafuna, chifukwa munthu wosamudziwa sungamuikire ana ako pamutu.

Nkhaniyi inafalikira pa kiyosiki, ndipo Lamlungu anthu atabwera ku matchalitchi bwalo lathu linadzaza. Kunabwera ndi a m'mayadi oyandikana, ndipo amene anadya umboni aja ndiwo anakhala kutsogolo. Nkhawa yaikulu inali ya malaiti, omwe anabwera m'mawa popanda kulonjeza kuti akhala. Anthu anazimitsa zitsulo zositira ndi mawailesi m'nyumba zawo, ngati kuti malaiti ndi mlendo wosachedwa kukwiya. Amayi a vitumbuwa anayala chitenje kumbuyo kwenikweni n'kukhala ndi ana awo awiri. Sanali munthu wokonda tivi, ndipo masiku ena onse ankachoka sewero lili pakati kukakanda ufa wa mawa. Tsiku limenelo anayang'ana mosaphethira anthu omwe chinenero chawo sankachimva.

Tinaoneranso zonse kuyambira pachiyambi. Bambo uja anafanso, wantchito anakolopanso, ndipo ndinamasuliranso mawu a chobisa aja, mitu yambiri ikutembenukira kumbuyo. Titafika pa misozi, bwalo lonse linayang'ana babu la pakhonde. Linayakabe. Wantchitoyo anapukuta m'maso n'kufotokoza kuti anakolopa chifukwa bwana wake ankadana ndi uve, ndipo zikanakhala zamanyazi kuti alendo amupeze ali pamalo oipa. Azimayi ena anayamba kunong'onezana kuti zimenezo n'zomveka, munthu aliyense woleredwa akanachita chimodzimodzi. Kenaka dokotala wa mitembo anabweretsa zotsatira zake: bamboyo anafa ndi poizoni yemwe wina ankamuthirira mu tiyi pang'onopang'ono. Wadazi uja anafunsa kuti tiyi wamadzulo ankapanga ndani wantchito akaweruka. Pamenepo galimoto ya apolisi inabwerera ku nyumba ija, ndipo chitseko anatsegula ndi mkazi wa malemu, atavala zakuda.

A landilodi anandifunsa ngati ndikumasulira bwino. Ndinati ndikutsatira mawu monga akunenedwera, koma funsolo linali litachedwa, chifukwa pa tivi mayi wosaseka uja anali akuveka kale mkaziyo unyolo, ndipo unyolo sufuna womasulira.

Panali chinthu chomwe aliyense pa yadi ankachidziwa koma palibe anachitchula sabata yonseyo, pakuti khomo lalikulu silinaitanidwe ku galasi. Munthu amene ankadana ndi abakha kuposa tonse anali akazi a landilodi. Ndiwo ankakolopa khonde kangapo pa tsiku, ndiwo ankanena poyera kuti amuna awo amagulira abakha gaga asanafunse ngati m'nyumba muli ndiwo, ndipo pa zenera la khitchini yawo panali kapaketi ka mankhwala a makoswe, monga panalili pa mazenera athu tonse. Ndikufuna zimveke kuti sindikunena kuti iwo anapha abakhawo. Umboni wowatsutsa unali wofooka mofanana ndi wotsutsa amayi a vitumbuwa. Koma lamulo lomwe yadi inasankha linali lakuti tivi ikaloza ife titsatire, ndipo tsopano inali italoza pakhonde.

Palibe anawayang'ana mwachindunji. Anthu ankayang'ana zinthu zomwe zinali pafupi ndi iwo. Akazi a landilodiwo anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kutembenukira kwa wometa.

"Ba ofisa, bweletsani galasi yanu. Nifunseni. Nili pano."

Wometa anayang'ana babu lomwe linkayakabe, nati malaiti alipo ndipo makasitomala ayenera kuti akumudikira ku shopu. Anadutsa pakati pa anthu mofulumira, kampando kake kakutsala pomwepo.

A landilodi anazimitsa tivi mayina a osewera asanayambe kuyenda. Anatsokomola, n'kulengeza kuti masewero a azungu amapangidwira maiko awo komwe anthu saweta abakha, kuti ku George milandu imaweruzidwa ndi akuluakulu osati ndi bokosi, ndi kuti iwo kuyambira tsiku loyamba ankaganiza kuti abakha aja anafa ndi matenda a nkhuku. Anauza alendo kuti azipita kwawo popeza yadi yawo si holo. Za notisi sanatchule. Anthu atayamba kutuluka, amayi a vitumbuwa anabwera pafupi ndi khonde n'kugwada.

"Atate, nanga za chipinda? Ndipitirize kufunafuna?"

"Mufunefune chani? Nani anakuuzani vochoka? Mwana abwelele ku sukulu mawa."

Amayiwo anathokoza koma sanadzuke. Anati ali ndi mawu amodzi omwe akufuna amveke anthu akadalipo. Akadzapezanso chakufa pabwalo, kaya ndi bakha, kaya khoswe, kaya buluzi, adzagogoda nthawi yomweyo ngakhale tambala asanalire, ndipo adzaima pamenepo mpaka eni yadi adzatuluke kudzaona okha. A landilodi anayang'ana akazi awo, anayang'ana bwalo lomwe linali lisanasesedwe, n'kunena kuti buluzi angathe kumutaya popanda kufunsa.

Yankho la funso langa, mmene ndikuonera, ndi lakuti amayi aja sanavutike chifukwa cha abakha. Anavutika chifukwa yadi inabwereka njira yofufuzira kwa anthu akutali n'kusiya mbali yake yovuta, yomwe ndi kudikira mpaka umboni ukwane. Inangotenga tepi, magolovesi ndi galasi, zomwe n'zosavuta kuzitsanzira ndi chingwe ndi mapulasitiki a buledi. Pamene njirayo inafuna munthu, inasankha amene anali wosavuta kumuuza kuti achoke, ndipo itangoloza khomo lomwe silichotsedwa, inapezeka kuti ndi yachilendo. Chomwe chinapha abakha sichinadziwike mpaka tsiku lomwe ndinasamukira ku Matero, nditapeza ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira.

Pa tsiku limenelo zinthu zinali motere. Abakha ofa anali anayi, ndipo onse anayi anadyedwa asanapimidwe. Makomo ofunsidwa pa galasi anali asanu, wopatsidwa notisi mmodzi, wochoka chifukwa cha mlanduwo palibe. Oonera seweroli, amene tinkadzaza khonde ndi bwalo lomwe, anatsala awiri, pakuti tivi inalowa m'chipinda chogona cha eni yadi ndipo sinatulukenso. Pa awiriwo womasulira panalibe.